Galu akukana mphotho, kapena akumvera pokhapokha ataiona: zimene zimavuta ndi makonzedwe ake

Dandaulo ili landipeza kambiri moti ndangoganiza zolilemba kamodzi. Wina wa ku Kapata, wina wa ku Katete, koma mawu ake amodzimodzi: "Amati galu amaphunzira msanga ukamam'patsa kachakudya akachita bwino. Ndayesa ine, wangayu ngouma mutu." Ndikafunsa chimene akum'patsa, kawirikawiri yankho limakhala mkute. Galu amene mbale yake yadzaza mkute kuyambira m'mawa, ndiye mukum'lonjeza mkute womwewo kuti asiye kuthamangitsa nkhuku za aneba.

Mphotho ili ngati malipiro a ganyu. Wolimayo ndiye amadziwa ngati ndalama ikukwanirana ndi mizere imene mwam'pimira. Chimodzimodzi pano: amene amagamula kuti ichi ndi mphotho ndi galu, osati inu kapena mtengo wa pa paketi.

Pezani chizindikiro chofanana ndi cha galu wanu. Zoyambitsa ndaziika kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri kutsika nazo.

Tisanayambe: mphotho yabwino imakhala yotani

- Yaing'ono ngati njere ya chimanga. Kwa kagalu, theka lake.
- Yofewa, yoti ameze nthawi yomweyo n'kukuyang'ananinso.
- Ya fungo. Galu amatsogozedwa ndi mphuno kuposa lilime.
- Yopanda mchere wambiri, tsabola, anyezi kapena mafupa.

Ndimazigawa patatu. Zapansi: chakudya chake cha masiku onse, mbatata yowiritsa, dzungu. Zapakati: dzira lowiritsa, kapenta woviika, inswa m'nyengo yake. Zapamwamba: chiwindi, mtima, mapapo kapena nthutumba zowiritsa, ndi mnofu wa nkhuku.

Chizindikiro 1: Akununkhiza n'kutembenuka

*1. Wakhuta.* Anadya nthawi yanji? Mbale yake imakhala ndi chakudya tsiku lonse? Nanga ana sakum'ponyera mbamu mseri pa nthawi ya nkhomaliro? M'patseni chakudya kawiri patsiku, ndipo chimene wasiya pakatha mphindi 15 chichotseni. Phunziro lizichitika asanadye. Sindikunena kuti muzim'goneka ndi njala. Alipo amene amamana galu chakudya kuti akhale wolusa. Galu wanjala yoopsa amangolumphira dzanja, mutu wake sugwira kanthu.

*2. Mphothoyo ndi yotsika kwa iye.* Musaganizire, muyeseni. Ikani pansi tizidutswa titatu ta zinthu zosiyana, motalikirana phazi limodzi, wina atam'gwira. Mumasuleni, muone chimene ayambe. Sinthani malo, mubwereze kasanu. Ine ndinagulira galu wanga Kambuku soseji ndi ndalama zondipweteka, ndikudziona ngati ndam'chitira ulemu waukulu. Pa mayeso amenewa anaidumpha kanayi konse, n'kuthamangira mapapo a ng'ombe amene ndinatenga motchipa ku butchala. Kuyambira tsiku limenelo soseji ndimadya ndekha.

Ngati akuzengerezabe, tenthetsani kachidutswako pang'ono pa mbaula kuti fungo lituluke.

*3. Kwatentha.* Mu Okutobala, masana, galu amene akupuma wefuwefu lilime lili panja safuna chakudya, akufuna mthunzi ndi madzi. Anzathu a kuchigwa ku Mambwe amalidziwa vutoli kuposa ife a m'mapiri muno. Phunzitsani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

*4. Ali ndi mantha.* Onani thupi lake: mchira uli pakati pa miyendo, makutu agona, akunyambita milomo, akuyang'ana kumbali. Galu wamantha sadya, ngakhale mutam'patsa chiwindi. Zimachitika kwambiri kwa galu amene amamenyedwa kapena kugendedwa, chifukwa kwa iye dzanja lotambasulidwa ndi chiyambi cha ululu. Musamuimirire pamwamba. Khalani chammbali, ponyani kachidutswa pansi patali ndi inu, musanene kanthu. Masiku angapo a zimenezi akwane kaye musanayambe kum'lamula chilichonse.

*5. Pafupi pali galu wamkazi amene ali pa nyengo.* Wamphongo amatha kukana chakudya masiku angapo, maso ali kumpanda. Apa palibe chokonza, dikirani zipite, koma akakana chakudya chilichonse tsiku lathunthu, onani gawo lomaliza.

*6. M'kamwa mukupweteka kapena akudwala.* Kagalu ka miyezi 4 mpaka 6 kamakhala kakugula mano, choncho zolimba zimakapweteka, kapatseni zofewa. Galu wamkulu amene akutafunira mbali imodzi, kapena amene wakananso chakudya chake cha masiku onse, vuto lake lachoka pa maphunziro. Pitani ku gawo lomaliza.

Chizindikiro 2: Pakhomo amamva, kumsewu amakhala ngati gonthi

*1. Malipiro ndi omwewo koma ntchito yakula.* Kukhala pansi pakhonde, popanda chom'sokoneza, ndi mzere umodzi. Kubwera mutamuitana pamene mbuzi zikudutsa ndi njinga zonyamula anthu zikuliza mabelu, umenewo ndi munda wathunthu. Sungani zapamwamba, chiwindi ndi nkhuku, kuti zizituluka panja pokha. Akazizolowera pakhonde, kumsewu mudzalipira ndi chiyani?

*2. Mwadumpha masitepe.* Galu amamangiriza phunziro ku malo amene analiphunzirira. Yambaninso ngati watsopano pamalo alionse: kuseri kwa nyumba, kenako pageti, kenako m'kanjira kopanda anthu, pomaliza pamsewu. Ali pa chingwe nthawi zonse.

*3. Mwayandikira kwambiri chom'sokonezacho.* Muyeso wake ngosavuta: ngati wakana chiwindi, muli pafupi kwambiri. Bwererani m'mbuyo mpaka pomwe ayambirenso kulandira, muphunzitsire pamenepo.

*4. Kubwera kwa inu kumathera pa unyolo.* Ngati nthawi zonse mukamuitana mumam'mangirira kapena kum'kalipira, waphunzira bwino lomwe, kungoti waphunzira zimene simunafune. Muitaneni kangapo patsiku, m'patseni mphotho, mumusiye apitirize kusewera.

Chizindikiro 3: Amamvera pokhapokha ataona chakudya m'dzanja

Ili ndi vuto la anthu amene ayamba bwino, ndipo ndi limene limachititsa ambiri kunena kuti njirayi imaononga galu.

*1. Nyambo yakhalitsa.* Poyamba timaika kachidutswa pamphuno pake n'kukakwezera m'mwamba kuti matako afike pansi. Imeneyo ndi nyambo, ndipo ntchito yake imatha msanga. Akachita bwino kasanu kapena kakhumi, chitani chimodzimodzi ndi dzanja lopanda kanthu. Akakhala, nenani "Eya!" n'kutulutsa mphotho m'thumba ndi dzanja linalo. Nyambo imaoneka ntchito isanachitike, mphotho imaoneka itachitika. Kusiyana kwake n'komweko.

*2. Mukumuonetsa chakudya akakana.* Mwanena "Khala!", wangokuyang'anani, inu n'kupisa m'thumba. Mwam'phunzitsa kuti kudikira kumakweza mtengo, ngati wogulitsa tomato amene waona kuti wogula sachoka. Akakana, tembenukani, dikirani pang'ono, muyambirenso pa chinthu chosavuta chimene amachidziwa.

*3. Pulasitiki ikukuululani.* Akamva kulira kwa kajumbo amadziwa kuti lero kuli malipiro. Pakakhala zii amadziwanso. Ikani tizidutswa m'kachitini kotseka pawindo, kena m'khitchini, kuti mphotho izitha kuchokera paliponse.

*4. Mukulipira nthawi iliyonse mpaka kalekale.* Chinthu chatsopano chimafuna mphotho ulendo uliwonse. Akachidziwa bwino, yambani kudumphadumpha mosatsata ndondomeko: pano mwam'patsa, kawiri kotsatira mwangom'yamikira, kenako mwam'patsa titatu nthawi imodzi. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, anaonetsa poyesa nkhunda ndi makoswe kuti khalidwe lolipidwa mwa apo ndi apo silizimirira msanga. Koma musafulumire kuchepetsa, ndipo pa kuitana kokha ine sindichepetsa n'komwe. Galu amene wasiya kuthamangitsa kalulu chifukwa ndamuitana ayenera kulipidwa moyo wake wonse.

Mphotho si chakudya chokha. Kum'tsegulira geti, kum'masula pa chingwe, kum'ponyera mpira wa masanza, zonsezi muzim'patsa atayamba wakhala pansi.

Chizindikiro 4: Akudya bwino koma sakuphunzira kanthu

*1. Mukuchedwa.* Galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene amachita pa kamphindi kamene waipeza, sekondi imodzi kapena ziwiri. Wakhala, inu mukulimbana ndi mfundo ya jumbo, iye waimirira, ndiye mwam'patsa. Mwalipira kuimirira. Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "Eya!", mulinene pomwe matako agunda pansi, mphotho izitsatira. Tizidutswa tikhale kale m'dzanja limene lili kumbuyo.

*2. Zidutswa n'zazikulu kapena zolimba.* Akamatafuna fupa kapena chikopa mphindi zitatu, pomaliza waiwala chimene anachita. Komanso pa zidutswa zisanu wakhuta.

*3. Aliyense pakhomo ali ndi mawu ake.* Atate akuti "Sit", amayi akuti "Khala", ana akuti "Iwe, pansi!" Galu samva Chingelezi kapena Chichewa, amamva kamvekedwe. Gwirizanani liwu limodzi.

*4. Phunziro latalika.* Mphindi 5, kawiri kapena katatu patsiku, zimaposa ola lathunthu Loweruka.

Chizindikiro 5: Akuluma zala, akulumphira thumba

*1. Mukuthawitsa dzanja.* Mukam'patsa ndi nsonga za zala mwamantha n'kubweza msanga, amaphunzira kutsomphola chisanathawe. Ikani kachidutswa pachikhatho chotambasula, m'munsi mwa chibwano chake. Dzanja likakhala m'mwamba mukumuitanira kulumpha.

*2. Sanaphunzire kudikira.* Fumbatani kachidutswa. Anyambite, akande, musatsegule ndipo musam'kalipire. Akangobweza mphuno pang'ono, nenani "Eya!" n'kutsegula. Ambiri amazigwira pa masiku owerengeka.

*3. Mphotho yakwera kwambiri.* Alipo agalu amene chiwindi chimawapengetsa. Tsikani pa mbatata kapena dzira.

*4. Akuteteza chakudya.* Ngati auma thupi, kuonetsa mano kapena kudzuma wina akayandikira, limeneli ndi vuto lina. Musam'lande chakudya pofuna kumuonetsa mwini nyumba, mungomuonjezera chifukwa cholumira. Ana asam'patse chilichonse pamanja, agalu awiri muziwaphunzitsa payekhapayekha, ndipo funsani dokotala wa ziweto kapena wophunzitsa agalu amene sagwiritsa ntchito chikoti.

Chizindikiro 6: Akutsegula m'mimba kapena kusanza pambuyo pa phunziro

*1. Zachuluka, kapena n'zatsopano.* Chiwindi ndicho chimatsogolera pa mlandu umenewu: n'chabwino, koma chikachuluka chimatsegula m'mimba. Chisakanizeni ndi mbatata m'chitini chimodzi kuti mbatatayo itenge fungo. Yambitsani chinthu chimodzi chatsopano pa nthawi, kuti chikavuta muchidziwe.

*2. Mafuta ndi mchere.* Zikopa za nkhuku zokazinga, mafuta a nkhumba, poloni, zotsala za kanyenya. Kapenta wina amaumitsidwa ndi mchere wambiri. Muviikeni m'madzi, mutaye madziwo pamodzi ndi mchenga wake.

*3. Mkaka.* Agalu ambiri akakula sagaya bwino mkaka.

*4. Mphotho yasasa.* Nyama yowiritsa imene yagona m'thumba la buluku kunja kukutentha isapatsidwenso mawa. Mufiriji imakhala masiku atatu, ngati magetsi sanazimezime. Opanda firiji, dulani tizidutswa, mutiumitse pa chiwaya chopanda saladi pamoto wa makala wochepa mpaka tiume gwa, kapena konzani za tsiku limodzi basi.

*5. Njoka zam'mimba.* Ngati mwasintha zonsezi koma sizikusiya, mimba ili yotupa, ubweya wayera mbuu, funsani mankhwala a njoka oyenera kulemera kwake.

*6. Wadya choopsa.* Izi zisalowe m'thumba la mphotho ngakhale pang'ono:

- Chokoleti: muli mankhwala otchedwa theobromine, amene thupi la galu limachedwa kuchotsa.
- Mphesa, zaziwisi kapena zouma za m'makeke: zimatha kuononga impso.
- Anyezi ndi adyo, ngakhale ophika: amaononga magazi. Ndiye chifukwa chake ndiwo zotsala si mphotho yabwino.
- Chingamu ndi maswiti okhala ndi xylitol, chotsekemeretsa chimene amaika m'malo mwa shuga.
- Mowa ndi masese.
- Mafupa ophika, makamaka a nkhuku: amasweka mosongoka.
- Nshawa ndi chimanga za chuku.

Chomalizachi ndichikhalire pang'ono, chifukwa kuno kum'mawa nshawa zili m'nyumba iliyonse, ndipo chizolowezi chathu n'choti zabwino timasankhira anthu, zofota ndi zakuda timaponyera ziweto. M'zimenezo ndi mmene mumabisala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno la Zambia atadya chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Nshawa zoyera bwino, zopanda mchere, zowerengeka, sizivuta. Imene inuyo simungaiike m'kamwa isapitenso kwa galu. Gaga wonunkha chinyezi chimodzimodzi, ndipo thumba la chakudya chogula likaumbika mabuma kapena kusintha fungo, litayeni pomwe nkhuku sizifika.

Za mbewa: agalu amazikonda, koma mbewa kapena khoswe amene simukudziwa chimene chamupha angakhale atadya mankhwala a makoswe.

Chizindikiro 7: Akunenepa, kapena wayamba kunyoza chakudya chake

Mphotho zonse za tsiku zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake. Kwa galu wa makilogalamu 15, malire amenewo ndi pafupifupi dzira limodzi lowiritsa. Likuoneka laling'ono, koma mukalidula ngati njere za chimanga likwana phunziro lonse. Patsiku limene mwaphunzitsa kwambiri, chepetsani cha m'mbale. Pomusisita m'mbali muzimva nthiti mosavuta, koma zisamaonekere patali.

Wonyoza chakudya chake nthawi zambiri anaphunzitsidwa ndi ife tomwe: akakana, timam'thirira msuzi. Ngati ali wamphamvu, akusewera ndi kumwa madzi, chotsani mbale, mudzaibweretse pa nthawi ya chakudya chotsatira.

Apa siyani maphunziro, funani dokotala wa ziweto

Pitani tsiku lomwelo ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu kapena kwa dokotala wa ziweto amene muli naye pafupi ngati:

- Galu wamkulu wakana chakudya chilichonse tsiku lathunthu. Kagalu musakadikire mpaka mawa.
- Kagalu kakusanza ndi kutsegula zamagazi zonunkha kwambiri. Kangakhale ndi matenda a parvo, amene amapha msanga. Kapatuleni kwa anzake.
- Nkhama zayera, thupi latentha, mkodzo wada, ndipo ali ndi nkhupakupa.
- Maso kapena nkhama zasanduka zachikasu.
- Akunjenjemera, akudzandira, akukomoka, kapena mwamuona akudya chimodzi mwa zoopsa zija.
- Akuyesa kusanza koma sikutuluka kanthu, mimba yatupa ndi kuuma.

Musam'mwetse madzi amchere, saladi kapena mkaka pofuna kuti asanze, ndipo musam'patse Brufen, Panado kapena mankhwala ena a anthu popanda dokotala kunena. Tengani paketi kapena chotsala cha chimene wadya, ndipo kumbukirani nthawi imene anadya ndi kuchuluka kwake.

Pali chizindikiro chimodzi chimene simuyenera kuchiyesa ndi dzanja. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba kuluma chilichonse kapena wolusa n'kukhala zii, dovu likuchucha, akulephera kumeza ngati wakakamira fupa, musapise m'kamwa mwake kufuna fupalo. Chingakhale chiwewe. M'tsekereni ngati mungathe popanda kum'gwira, chotsani ana, muitane a zaziweto. Amene walumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo adwale. Popeza pophunzitsa ndi chakudya zala zanu zimakhala pakamwa pake tsiku lililonse, onani khadi lake la katemera musanayambe: katemera wa chiwewe amayamba kagalu kakafika miyezi 3, ndipo tsiku lobwereza a zaziweto amalilemba pa khadi lomwelo.